Amene Amayang'ana Katundu Wathu pa Malire

Nkhani yanga lero ndi ya katundu wolowa m'dziko muno kucokera kunja. Ambiri a ife timayesa kuti pa Mwami kapena pa Chanida pali a kasitomu okha, ndi kuti munthu akapereka msonkho kwa a ZRA wamasuka. Sikuli tero ai. A kasitomu amawerenga mtengo wa katundu nalandira msonkho wa Boma, koma kudziwa ngati m'thumba la cimanga muli cirombo si nchito yao. Cifukwa cace Boma linaikanso anchito a zigawo zina kuti azigwirizana nao.

Oyamba ndi a Unduna wa Malimidwe oyang'anira matenda ndi tizirombo ta mbeu, amene acidule amachedwa PQPS. Munthu wofuna kulowetsa cimanga, nshawa, mbatata, zipatso kapena timitengo tobzala ayenera kuyamba watenga kalata ya cilolezo kwa iwowa katunduyo asananyamuke, ndipo abwerenso ndi kalata ya dziko limene wacokera yocitira umboni kuti katunduyo anapimidwa. Akasowa makalatawa, katundu angathe kubwezedwa kapena kuonongedwa, ngakhale ndalama za msonkho ziri m'manja.

Ena amati kumeneku nkubvutitsa anthu cabe. Tsono tamvani za nankafumbwe wamkulu. Makolo athu sanamdziwe. Kwao kweni-kweni ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nao, ndipo anayamba kuoneka ku Tabora m'dziko la Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, atafika, monga akatswiri aganizira, m'katundu wa pa zombo. A kumeneko anamucha dzina lakuti Scania, pomfanizira ndi galimoto lalikulu lija. Pofika 1993 anali atapezeka kwathu kuno, ca ku Nakonde. Nankafumbwe wathu wakale amadya pang'ono-pang'ono, koma uyu amaboola cimanga ciri pa citsononkho, amaboola cinangwa couma, ngakhale mitengo ya nkhokwe imene, nasiya ufa wokha-wokha pansi. Ndiye cifukwa cace alangizi masiku ano amatiuza kuti tizitonola cimanga ndi kucithira mankhwala tisanacisunge, nchito imene kale sinali yokakamiza. Kacirombo kocepa kuposa njere ya mpunga kanasintha kasungidwe ka cakudya m'midzi yonse, ndipo kucotsa sikuthekanso.

Ziweto nazo ziri ndi mlonda wace, ndiye dotolo wa ziweto wa Boma. Ng'ombe, mbuzi, nkhumba, nkhuku, nyama ndi zikopa sizilowa popanda cilolezo cace. Pano ndinene mosabisa, pakuti ife a kum'mawa tiri ndi abale tsidya la Malawi ndi la Mozambique, ndipo tinjira ta m'chire tonse titidziwa. Mwana wa nkhumba wopatsidwa ndi amalume aoneka ngati mphatso yabwino, koma cigodola ca nkhumba ciribe mankhwala ngakhale katemera kuno, ndipo cimayenda ndi nyama yomwe, yaiwisi kapena yowamba. Cikalowa m'khola limodzi, mudzi wonse ulira.

Aliponso ena amene ndingowachula msanga. Mbeu zogulitsa zimayang'anidwa ndi a SCCI a ku Chilanga. Mankhwala opopera m'munda afuna cilolezo ca a ZEMA, ndipo a ZCSA amaona ngati katundu monga fetereza ali wokwanira pa muyeso wace. Botolo la mankhwala lopanda dzina, logulidwa pa msika wa pa malire, silinapite m'manja mwa ali yense wa iwo.

Dandaulo lakuti maofesi acuruka ndi loona ndithu, ndipo amalonda ataya masiku ambiri poyembekeza. Pa Mwami zinthu zinapepukako m'caka ca 2022, pamene anatsegula malo amodzi oonerapo katundu a Zambia ndi Malawi pamodzi. Koma makalata aja afunikabe. Amene aganiza zokatenga mbeu kapena ciweto kunja ayambe wafunsa kwa mlangizi wa kwao, kapena ku ofesi ya malimidwe ndi ya dotolo wa ziweto pa Boma, ndalama zisanaturuke m'thumba.