NKHOKWE YA PA KOMPYUTA YOSUNGA UBALE

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu



Mwandipempha kuti ndinenepo mau pang'ono za nkhokwe ya pa kompyuta yotchedwa graph database. Nkhokwe wamba imandandalika zinthu monga kaundula wa m'kalasi. Koma iyi imasunga chinthu pamodzi ndi ubale wake: wakuti ndi mwini wa kampani yakuti, kampaniyo ili pa keyala yakuti. M'chaka cha 2016, atolankhani a bungwe la ICIJ anagwiritsa ntchito nkhokwe ya Neo4j pofufuza Panama Papers, zikalata zokwana 11.5 miliyoni, natulukira eni ake a chuma chobisika potsata ubale wotere.

Tsono inu amene mufuna kupanga mapulogalamu otere, chenjerani ndi vuto ili: munthu mmodzi kulembedwa kawiri. M'chinenero cha Cypher, lamulo la CREATE limalemba munthu watsopano ngakhale alimo kale, pamene MERGE limayamba lafufuza. Munthu akalowa kawiri, ubale wake umagawika pakati. Kompyuta sidandaula ayi, imangopereka yankho loperewera, inu n'kulikhulupirira. Ngati ndi kaundula wa malipiro, wina angathe kulandira kawiri popanda wodziwa.

Mankhwala ake ndi awa: aliyense akhale ndi nambala yakeyake, chifukwa maina amafanana ndipo amalembedwa mosiyanasiyana, ndipo muikiretu lamulo lokaniza nambala kubwerezedwa. Yankho likamachedwa, musathamangire kugula makina ena. Lamulo la PROFILE lidzakuonetsani pamene pakuthera nthawi, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti pakusowa index.