Mabering'i a Sitima Zapamadzi: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka



Kuno ku Mulanje bering'i timaidziŵa tonse. Ili m'gudumu la njinga, m'chigayo ndi m'makina a fakitale ya tiyi. Ntchito yake ndi kugwira chitsulo chozungulira kuti chisakhulane ndi chinzake. Lero tiione m'sitima yapamadzi monga Ilala, imene inapangidwa ku Scotland, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba ntchito mu 1951.

Injini ya sitima imazunguza shafiti, shafitiyo n'kuzunguza pulopela kumbuyo. Panjira imeneyi pali mabering'i a mitundu itatu.

Mtundu woyamba umanyamula shafiti m'kati mwa sitima. Ena mwa mabering'i ameneŵa ali ndi timipira tachitsulo ngati a njinga, ena ndi a chitsulo chofeŵa, koma onse amafuna oyilo kapena girizi.

Mtundu wachiŵiri umalandira mphamvu ya pulopela ikamakankha madzi, n'kuipereka ku sitima yonse. Popanda umenewu, shafiti ingakankhe injini m'malo mokankha sitima. A.G.M. Michell wa ku Australia ndiye anaukonza mwamakono mu 1905.

Mtundu wachitatu uli pamene shafiti imatulukira kupita m'madzi. Mu 1854 John Penn wa ku England anayamba kuikapo mtengo wolimba wotchedwa lignum vitae, umene umatereretsedwa ndi madzi okha. Masiku ano maboti ambiri amaikapo mphira.

Bering'i imaphedwa ndi mchenga ndi kusoŵa kwa oyilo, koma siifa mwadzidzidzi. Imayamba yatentha, kulira ndi kunjenjemera. Amisiri akanyalanyaza, shafiti imagwedera, madzi n'kuyamba kuloŵa. Paja mtsinje wa tinkanena udathera mu siizi. Sitima ikaima, amene amavutika ndi anthu a ku Likoma ndi Chizumulu, odikira chimanga ndi katundu wina.

Tsono pempho langa ndi ili. Thumba la bungwe lathu lizithandizanso ana okhoza masamu ndi sayansi amene akufuna kukaphunzira za umisiri ku Marine Training College ku Monkey Bay. Mwana wobadwira m'tsinde mwa phiri lathu angathe kusamala sitima panyanja.