Zolakwa Zimene Opanga Mapologalamu a Pakompyuta Amazibwereza



Mwandipempha kuti ndikambepo za ntchito yanga. Ine sindilemba mapologalamu a pakompyuta ayi. Udindo wanga ndi kusankha chimene chipangidwe msanga ndi chimene chidikire, ndipo ndalama zambiri zimatayikira pomwepo. Ambiri a inu tsopano ndinu akuluakulu m'maofesi, ndiye nkhaniyi ndi yanunso, pakuti osainira ndalamazo ndinu.

Cholakwa chachikulu ndi kupangira anthu chinthu musanawafunse. Mu 2002 boma la Britain lidayamba ntchito yoika mbiri za odwala a m'zipatala za ku England pakompyuta. Zambiri zidakonzedwa kulikulu, madokotala ndi anamwino osafunsidwa mokwanira. Mu 2011 boma lidalengeza kuti ntchitoyo ithe, ndipo akuti idadya mapaundi pafupifupi 10 biliyoni.

Ku Kenya zidayenda mosiyana. Pamene Vodafone ndi Safaricom ankayesa M-Pesa mu 2005, cholinga chidali chakuti anthu azibwezera ngongole zing'onozing'ono pa lamya ya m'manja. Koma anthuwo adayamba kutumizirana ndalama okhaokha, ena kulipirira malonda. Eni ake sadanene kuti anthu akusokoneza pologalamu. Adaonetsetsa, nasintha cholinga, ndipo mu 2007 adaikhazikitsa ngati njira yotumizira ndalama kumudzi. Kunena zoona, si mabwana ambiri amene angalole kuti amayi ogulitsa pamsika awasinthitse maganizo chotero.

Palinso chilakolako chogumula zonse ndi kuyambiranso. Kampani ya Netscape idachita zimenezi mu 1998 ndi pologalamu yake yoonera intaneti. Yatsopanoyo idatuluka mu 2000, anthu atathawira kale ku Internet Explorer.

Nanga ntchito ikachedwa, abwana amatani? Amalemba anthu ena. Fred Brooks, amene adagwirapo ntchito ku IBM, adafotokoza m'buku lake la mu 1975 kuti kutero kumangoichedwetsanso. Akale aja amasiya ntchito yawo kuti aphunzitse atsopano, ndipo anthu akachuluka misonkhano nayo imachuluka. Tsiku lomaliza likayandikira, ine ndimakhala pansi ndi eni ntchito ndi kuchotsa zina mwa zimene adaitanitsa, ngakhale nkhope zawo zisasangalale.