Mwana Akapindika Thupi, Tisaloze Chala Mai Ake

Ndikufuna tikambirane za matenda amene madokotala amawatcha dystonia, pakuti ndi matenda otha kupasula banja.

Mwana amabadwa bwinobwino nayamba kuyenda. Pakapita zaka, phazi limapindikira mkati, khosi limakhota, lilime limalemera. Minofu imakungika yokha chifukwa mbali ya ubongo yowongolera kayendedwe ka thupi yasokonezeka. Mwa ana ena gwero lake ndi matenda akumtundu osowa kwambiri. Otchedwa PKAN amaunjika ayironi mu ubongo. Ena, amene Dr Kinnier Wilson adawafotokoza mu 1912, amaunjika kopa m'chiwindi ndi mu ubongo.

Kwathu kuno ku Manyamula, monga m'madera ambiri a Mzimba, mwana ndi wa kuchimuna. Tsono zotere zikagwa, mlandu umathamangira kwa mkazi wolowoledwa kuti wabweretsa tsoka pamudzi, kapena kwa agogo amene timawasemera ufiti. Anzanga, matenda awiri ndatchulawa mwana amawatenga pokhapokha bambo ndi mai onse ali ndi mbewu yake m'thupi, ngakhale iwo eni sadwala. Pa mimba iliyonse ya banja lotere, mpata woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi. Palibe wolakwa.

Kodi thandizo lilipo? Mu 1987, ku Grenoble m'dziko la France, Alim-Louis Benabid ndi Pierre Pollak adayamba njira yotchedwa deep brain stimulation, ndipo mu 2003 dziko la America lidavomereza kuti izithandiza odwala dystonia. Madokotala amalowetsa timawaya tiwiri mkatikati mwa ubongo, nakwirira kabatire pansi pa khungu la pachifuwa. Kabatireko kamatumiza timphamvu ta magetsi tokhazika minofu pansi. Opaleshoniyi sichiza matendawo. Imachepetsa kupindika ndi ululu, ndipo kwa odwala PKAN mpumulowo ungazilale matenda akamakula. Imachitika ku South Africa, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Tisataye mtima. Matenda a Wilson ali ndi mankhwala ochotsa kopa m'thupi, ndipo mtundu wina wa dystonia umamvera mapilitsi a levodopa. Chofunika ndi kuyamba msanga: ku chipatala chaching'ono cha Manyamula, kenaka cha boma ku Mzimba, kumene angamtumize mwanayo ku Mzuzu Central Hospital.

Ife amene tidapita kusukulu, anthu amatimvera. Tiyeni tiperekeze makolo kuchipatala, tiwasonkhere ya ulendo, ndipo tiikire kumbuyo mai wonamiziridwa. Mwanayo asabisidwe m'nyumba. Ambiri mwa ana otere amamva zonse ngakhale pakamwa pakanike, ndipo malo awo ndi m'kalasi, monga momwe ife tidakhalira.