MWANA WA KUMUDZI AMVE CHINGEREZI NDI MADZULO OMWE

Mafumu, aphunzitsi, amai ndi abambo a ku Mtengowanthenga: mwana wa Sitandade 8 amalemba mayeso ake onse m'Chingerezi, kupatula phunziro la Chicheŵa lokha. Koma mwana wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi akaŵeruka kusukulu samvanso Chingerezi kufikira m'maŵa mwake. Apa ndi pamene pagona vuto.

Sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa Marichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, maphunziro anaulutsidwa pa wailesi, ndipo anathandiza ndithu. Komabe wailesi imangolankhula, siimva yankho la mwana. Pa WhatsApp mau amapita ndi kubwerako. Mphunzitsi angathe kujambula mau ake akuŵerenga ndime yaifupi, natumiza ku gulu la makolo. Madzulo mwana amvetsere, abwereze, kenaka atumize mau ake kuti mphunzitsi amkonze pamene waphonya.

Lamyayo ikhale m'manja mwa kholo, pakuti pa intaneti pali zabwino ndi zoipa zomwe. Banja lokhala ndi lamya liitane ana a mnansi, popeza mutu umodzi susenza denga. Alangizi ndi ogwira ntchito za Boma okhala m'midzi ndiwo atsogolere, kuyambira sabata lino.