KUCHEPETSA NSIMA KWA ODWALA SHUGA AMENE AMABAYA INSULINI



Lero tikambirana za anzathu odwala matenda a shuga amene amadzibaya jakisoni wa insulini tsiku ndi tsiku. Ambiri a iwo amva malangizo akuti achepetse nsima, mpunga, buledi, mbatata ndi chinangwa kuti shuga asakwere m'magazi. Malangizowa angathandize, koma kwa munthu wobaya insulini muli ngozi imene tonse tiyenera kuidziwa. Chakudya ndi insulini zimayendera limodzi. Chimodzi chikasintha, chinzake chiyenera kusinthanso, ndipo otiuza mlingo wake ndi achipatala.

1. Insulini amagwira ntchito yanji?

Zakudya zokhutitsa zikagayidwa m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Insulini, amene amapangidwa ndi kapamba, ndiye amalowetsa shugayo m'minofu kuti tipeze mphamvu. Kale munthu amene thupi lake linaleka kupanga insulini sankakhalitsa. Zinthu zinasintha mu 1921 pamene Frederick Banting ndi Charles Best anapeza mankhwalawa ku Toronto, m'dziko la Canada, ndipo odwala anayamba kulandira mu 1922.

Koma insulini wa m'botolo alibe maso. Akalowa m'thupi amatsitsa shuga, kaya munthu wadya kaya sanadye. Amene anapatsidwa mlingo woyenera mitanda itatu ya nsima, nadya mtanda umodzi, shuga wake angatsike kufikira kukomoka.

2. Tidziwe mtundu wa insulini wathu

Actrapid, woyera ngati madzi, ndi wa chakudya. Amabayidwa mphindi 30 tisanadye, ndipo ndiye woyamba kuchepetsedwa nsima ikachepa.

Wotuwa ngati mkaka, monga Insulatard, amagwira ntchito pang'onopang'ono kwa maola 12 kapena kuposerapo. Thupi limamufuna ngakhale tisanadye, chifukwa chiwindi chimatulutsa shuga usana ndi usiku.

Wosakaniza, wolembedwa 30/70, ali ndi mitundu iwiri yonseyi m'botolo limodzi, ndipo sitingachepetse umodzi osachepetsa unzake. Wobaya mtundu uwu adye pa nthawi yake ndi muyezo wofanana tsiku lililonse.

3. Zoyenera kuchita

(a) Tisanasinthe kadyedwe, tikaonane ndi adokotala kapena anamwino. Ndi ufulu wathu kufunsa mpaka titamvetsa, ndipo ndi udindo wathu kuwauza zoona za zimene timadya.

(b) Tichepetse pang'onopang'ono, tikuonjezera masamba, nsomba, mazira ndi nsinjiro. Tikumbukire kuti mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa cha gaga, komabe nawonso umakweza shuga. Thobwa ndi phala chimodzimodzi.

(c) Amene ali ndi kamakina koyezera shuga aziyeza kawirikawiri m'masabata oyamba: m'mawa asanadye, patatha maola 2 atadya, ndi pokagona. Azilemba m'kope ndi kupita nalo kuchipatala.

(d) Ntchito yolemetsa monga kulima imatsitsa shuga. Mowa umatsitsanso, makamaka usiku. Popita kumunda titenge shuga kapena masiwiti m'thumba.

(e) Tisaleke insulini tokha. Amene thupi lake silipanga insulini konse, akaleka, magazi ake amadzaza poizoni. Amamva ludzu lalikulu, amasanza, amapuma mozama, ndipo angafe m'masiku ochepa. Ameneyu apite kuchipatala msanga.

4. Shuga akatsika

Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi, mtima kugunda kwambiri, ndi kulankhula zosokonekera ngati woledzera. Pa makina, ndi pansi pa 70 mg/dL, kapena 3.9 mmol/L. Ngati munthuyo angathe kumeza, timsungunulire m'madzi masipuni a tiyi 3 kapena 4 a shuga. Pakapita mphindi 15 osasintha, tibwerezenso, kenaka adye chakudya. Apa tisaope shuga: ndiye mankhwala ake. Koma akakomoka tisamumwetse kanthu, angatsamwe. Timgoneke chammbali ndi kuthamangira naye kuchipatala.

5. Nanga kusala kudya?

Ena amafunsa za Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Mpingo sukakamiza odwala kusala kudya. Ndiponso Malamulo a Mpingo a 1983, pa nambala 919, amalola okalamba ndi odwala kulandira Ukaristia ngakhale atadya kanthu m'kati mwa ola limene enafe timasala. Choncho wobaya insulini asabwere ku Misa ya m'mawa ndi njala, makamaka ngati akuyenda ulendo wautali wapansi. Pa Lenti angadzimane zina, angapemphere, angathandize osauka. Moyo ndi mphatso ya Mulungu, ndipo kuusamala ndi kumvera lamulo lachisanu.

Mutu umodzi susenza denga. Wodwala shuga akasokonezeka sangadzithandize yekha. Adzapulumuka ngati ife a pabanja pake ndi a mu Mphakati wake tikudziwa chochita.

Mafunso okambirana m'Miphakati

1. Kodi tikuwadziwa amene amabaya insulini pakati pathu?
2. Pa maliro, pa ukwati ndi pa misonkhano chakudya chimachedwa. Tingawathandize bwanji?
3. Wina atakomoka m'tchalitchi, tingamufikitse bwanji kuchipatala?