Thupi la Munthu M'mlengalenga, ndi Mphasa ya Wodwala

Pa 12 April 1961 Yuri Gagarin wa ku Russia anazungulira dziko lapansi kamodzi, natsika wamoyo patapita mphindi 108. Kuyambira tsiku limenelo madotolo akhala alikufufuza ngati thupi la munthu lingathe kupirira masiku ambiri kumene zinthu ziribe kulemera. Ngakhale kwathu kuno funsolo linafika. Mu 1964 mphunzitsi Edward Nkoloso anali kugubuduza anyamata m'migolo pa citunda pafupi ndi Lusaka, kuti azolowere ulendo wa ku mwezi. Anthu anamseka, koma pa cinthu cimodzi sanalakwe: thupi liyenera kukonzekera.

Cifukwa cace ndi ici. Pansi pano dziko likoka zinthu zonse, ndipo mafupa ndi minofu zilimba cifukwa ca kusenza thupi tsiku ndi tsiku. M'mlengalenga munthu angoyandama, ndipo katunduyo acoka. Pamenepo mafupa a m'ciuno ndi a m'miyendo ataya ngati gawo limodzi mwa magawo 100 mwezi uli wonse, minofu ifota, mwazi ukwera kumutu, ndipo maso a ena afooka. Cifukwa ca ici anthu okhala pa International Space Station athamanga atamangidwa ndi malamba, napalasa njinga yosayenda, ngati maola awiri tsiku liri lonse. Dotolo Valeri Polyakov anakhala masiku 437 m'combo ca Mir, mu 1994 ndi 1995, osaleka kulimbitsa thupi. Atatsika anayenda yekha mapazi owerengeka kufikira pa mpando.

Pofuna kudziwa zambiri, mu 2019 akatswiri a ku Cologne, m'dziko la Germany, anagoneka anthu athanzi pa kama masiku 60 osadzuka, mutu uli cotsika pang'ono. Kugona kotereku kufooketsa thupi monga umo licitira m'mlengalenga.

Apa ndipo nkhaniyi ifika ku Seke, ku Zengeza ndi ku St Mary's m'Chitungwiza, kumene kuli nkhalamba zimene zinacokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira nchito kalekale. Mkulu wotere akatuluka m'cipatala, ana amyalira mphasa, nati, "Gonani, agogo, musadzibvute." Nco cifundo ndithu, koma cikapitirira masabata ambiri miyendo iuma, ndipo tsiku lodzuka mkuluyo acita cizungulire, nagwa, kapena kuthyoka ciuno.

Cimene aphunzira a m'mlengalenga ciyenera kufika pa mphasa imeneyi. Dotolo kapena namwino akalola, wodwala ayambe kukhala tsonga. Mawa aimirire atagwira dzanja la mdzukulu. Mkuja afike pakhomo kukaothera dzuwa. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.